Kabotolo ka Mzere Wofiira

Lolemba, 2 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili wandigulira mng'ono wanga pageti, pamodzi ndi sopo ndi kandowa. Akuti ndizilemba zonse zimene madokotala akunena, poti iye akangomva Chingerezi mutu umaima. Ndiye gadiyani wanga. Malo ake olukira tsitsi kumsika wasiyira mnzake.

Chandibweretsa ndi ichi: masaya atupa mbali zonse, thupi latentha kufika 39.2, diso lakumanzere lili ndi chilonda. Mlonda wa pachipata wandiyang'ana n'kuseka. "Matsagwidi pamsinkhu umenewu, mayi?" Yankho ndinali nalo, labwino ndithu, koma lilime linali litamatirira kumwamba m'kamwa. Zaka 19 ndakhala womasulira m'khoti, munthu wodya za pakamwa pake, lero ndagonja kwa mlonda.

Si matsagwidi. Pafayilo panga palembedwa Sjögren, madokotala amatchula kuti Shogireni, ndipo chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, anatembenukira tiziwalo tanga totulutsa malovu ndi misozi. M'kamwa muli gwa, m'maso ngati wina wathiramo mchenga.

Diripi yopha tizilombo maola asanu ndi atatu alionse. Mankhwala odontheza m'maso ola lililonse. Ndatopa.

Lachiwiri, 3 Juni

Dongosolo la pano: 5 koloko kuyeza thupi, 6 koloko okolopa kuthamangitsa magadiyani, 9 koloko madokotala, kenako kudikira mpaka mawa lake. Anamwino ndi awiri, odwala tilipo 34. Ndiye magazi, mikodzo, makhololo, zonsezo amanyamula ndi magadiyani kupita nazo ku labu. Mng'ono wanga njira waidziwa kale, ndipo akumutchula kale bambo wa pawindo la labu kuti achimwene. Mwana ameneyu akhoza kupalana ubwenzi ndi chitseko.

Kumanja kwanga, bedi 8, kuli mayi wa shuga amene akudikira kudulidwa chala cha kuphazi. Wodi yonse imamutchula kuti Apampando, chifukwa ndiye amagamula za zenera, za wailesi, ndi za amene ayambe kusamba. Wandiona ndikumwera madzi supuni iliyonse ya mpunga. "Inu mutithera madzi m'mipopi, ndakuonani kale."

Kumanzere, bedi 10, kuli mphunzitsi wa zaka ngati 30. Ndamuona akunyowetsa milomo ndi kansalu, botolo la madzi lili m'khwapa. Iyenso waona langa. Tangoyang'anana. Zaka zonsezi sindinakumanepo ndi munthu wina wa matenda anga, ndimayesa ndinawayambitsa ndine.

Lachitatu, 4 Juni

Andikoloweka timapepala m'zikope zam'munsi, mphindi zisanu maso ali chitsinzire, kuti aone misozi inyowetsa kufika pati. Munthu wabwinobwino amafika mamilimita 10 kapena kuposa. Lakumanja 2. Lakumanzere 0. Namwino wakatembenuza kapepalako ngati mwina misozi yabisala kuseri.

Mapiritsi: hayidulokisikolorokwini 200 mg kawiri patsiku, pilokapini 5 mg katatu. Pilokapiniyo akuti amakama malovu. Ine amangondikama thukuta.

Tsaya lakumanja lili ndi mafinya. Mawa aboola.

Lachinayi, 5 Juni

Aboola. Sindilemba.

Lachisanu, 6 Juni

Thupi 38.1. Kwabwera kalaliki wa kukhoti kwathu ndi paketi ya mabisiketi. Ndi munthu wabwino, koma kupatsa mabisiketi munthu wopanda malovu kuli ngati kugulira wadazi chipeso. Apampando awalandira m'malo mwanga, shuga ali nayeyo, akuti asungira alendo.

Chimene wabwerera kwenikweni ndi kalata. Pofika 30 Juni ndikhale ndi chikalata cha dokotala chonena kuti ndidzatha kulankhula tsiku lonse. Kupanda apo andipumitsa pantchito chifukwa cha matenda. Ndili ndi zaka 47.

Sindingawadzudzule. Tsiku langa lomaliza m'khoti, woweruza ankapereka chigamulo kwa bambo wina woganiziridwa kuti anathyola sitolo. Ine ndinayamba, "Khoti lino lakupezani…" basi lilime mata. Madzi anali atatha. Mesenjala anathamanga kukatunga, ndipo mphindi yathunthu bamboyo anaima m'kabokosi akuyang'ana pakamwa panga, osadziwa ngati agona kwawo kapena kundende. Anali wosalakwa. Nkhope yake ndimaionabe.

Mng'ono wanga wamva za kalatayo. "Asisi, musadandaule, ndidzakuphunzitsani kuluka." Ndamuyang'ana ndi diso langa limodzi labwinoli mpaka wapita kukachapa.

Lolemba, 9 Juni

Lero ndili ndi mphamvu, ndilembe bwino, chifukwa nkhani yake ndi yaikulu.

Kwabwera dokotala wina wamkazi, wamng'ono, wonyamula kabokosi kozizira. Apampando am'patsa kale dzina, Dokotala wa Kabokosi. Ndi wa kafukufuku. Wakoka mpando n'kukhala pakati pa bedi langa ndi la mphunzitsi, ndipo walankhula chilankhulo cha anthu kuti magadiyani nawo amve.

"Asilikali a m'thupi sayenda okha, amayi. Amaitanizana. Amatumizirana timapuloteni tonyamula uthenga woti bwerani kuno, menyani apa. Ife timayeza timapuloteni timeneto. Tikachuluka, timadziwa kuti nkhondo ili mkati, ndipo timadziwanso kuti ikumenyedwera kuti."

Watchula maina ake, IL-6, BAFF, CXCL13, ngati manambala a milandu. Ine ndati, "Ndiye ndi amesenjala oyenda ndi zisamani, kumasiyira anthu osalakwa." Waseka n'kunena kuti azifotokoza choncho kuyambira lero.

Pali mankhwala atsopano a diripi, kamodzi pamwezi, otseka uthengawo panjira. Sagulitsidwa kulikonse, amaperekedwa m'kafukufuku mokha. Ena amene alandira, malovu abwererako. Malo atsala amodzi, ndipo mndandanda utsekedwa pa 25. Odwala ake tilipo awiri.

Zofunika ndi ziwiri, ndazilemba mmene wanenera. Choyamba, malovu a mphindi 15 afike pamzere wofiira wa pakabotolo, 0.75 ml. Akapanda kufika ndiye kuti tiziwalo tinafa kale, mankhwala alibe chopulumutsa. Chachiwiri, CXCL13 ya m'malovumo ipitirire 100. Magazi amasonyeza za thupi lonse, koma malovu ndiwo amanena zimene zikuchitika m'tiziwalomo. Tikakwanitsa tonse awiri, atenga wa nambala yaikulu.

Mng'ono wanga wafunsa, "Mzere wake uti, adokotala?" Amuonetsa. Kamzere kake kali pansi penipeni, mwana akhoza kukadutsa ndi dovu la tulo limodzi. Ndikudziwa ine kuti ndi patali.

Ndasayina. Mphunzitsi wasayina. Ndaopa kuyembekezera, koma ndayembekezera basi.

Lachiwiri, 10 Juni

Tacheza ndi mphunzitsi, mawu atatu madzi, mawu atatu madzi. Ali ndi ana 80 m'kalasi ndi mwana wake mmodzi wa zaka zinayi kunyumba. Mano atatu anazula kale, ine asanu ndi awiri. Akuti pamaliro a bambo ake azakhali ake anamunena kuti ndi wouma mtima, poti analira popanda misozi. Ine ndamuuza kuti pamaliro a mwamuna wanga ndinkanyowetsa mpango ndi madzi a m'botolo kuti alamu anga asiye kunong'onezana. Taseka mpaka kutsokomola.

Wandiphunzitsa kudzola mafuta ophikira m'nkhama ndisanagone. Ine ndamuphunzitsa kuvala magalasi osambira nawo kukachita mphepo.

Za malo amodzi aja sitinatchule. Ndikumukonda mwanayu, ndipo ndikufuna alephere. Ndalemba, zikhale choncho.

Lachinayi, 12 Juni

Kuyeza malovu, 8 koloko m'mawa. Pilokapini anandiletsa kuyambira dzulo. Maola awiri osadya, osamwa, osatsuka m'kamwa. Maola awiri opanda madzi kwa ine ndi chilango choposa mlandu.

Dokotala wa Kabokosi anaitanidwa kwina, ndiye wasiya timabotolo ndi namwino. Namwino watchera wotchi pafoni n'kuthamangira ku bedi 22 kumene wina amasanza. Ine ndi mphunzitsi takhala m'mphepete mwa mabedi athu, mitu chozyolika, ngati ana opatsidwa chibalo. Kwa iye ndimamva dontho likugwa mwa apo ndi apo. Kwanga ndafinya masaya, ndagudubuza lilime, ndakakamira mpaka khosi kuwawa. Wotchi italira, m'kabotolo munali kathovu komata m'mbali. Diso langa silinathe kuona bwino kuti kafika pati, ndipo sindinafune kufunsa.

Namwino wafuula ali kutali, "Magadiyani, tsekani, thamangani nato ku labu tisanatenthe!" Mng'ono wanga watseka, wathamanga.

Ndamwa madzi makapu atatu. Ndagona.

Lamulungu, 15 Juni

Thupi 37.4. Chilonda cha m'diso chikupola koma chisiya chipsera, akuti diso limenelo lizingoona mbuu. Apampando adulidwa chala Lachisanu, abwerako ndi mawu awo onse. Kunabwera oimba, ndayesa kuimba nawo mzere umodzi, mawu atuluka ngati chitseko cha dzimbiri.

Mng'ono wanga akuyenda mosangalala masiku ano. Wandiluka tsitsi, akuti ndizioneka bwino tsiku loyamba kulandira mankhwala. Ndamuuza kuti chakudza sichiimba ng'oma, asayambe kuvina.

Lachitatu, 18 Juni

Zotsatira.

Mphunzitsi: malovu 0.9 ml, CXCL13 140. Walowa.

Ine: CXCL13 58. Sindinalowe.

Dokotala wa Kabokosi anali ndi nkhope ya munthu amene masamu akumukana. Akuti m'magazi anga amesenjala ali piringupiringu, BAFF ndi IL-6 zili pamwamba kuposa za mphunzitsi, koma m'malovu muli bata ngati mwa munthu amene matenda ake agona. "Zimachitika," wanena, koma iye mwini sanazikhulupirire. Wandisiyira pepala.

Ndagwira dzanja la mphunzitsi n'kumufunira zabwino. Mawu atuluka bwinobwino, tsiku limene sindimawafuna.

Mng'ono wanga wafunsa ali pampando: "Koma mzere anadutsa eti, adokotala?" Amuyankha kuti mzere ndinadutsa, vuto ndi linalo. Watuluka osanyamula ngakhale mbale zimene amati akatsuke.

Lachinayi, 19 Juni

M'mawa ndadontheza mankhwala, diso litayera ndawerenga pepala lija mzere ndi mzere, mmene ndimachitira ndi fayilo ya mlandu. Kuchuluka kwa malovu: 2.1 ml.

Ine 2.1? Ndimanyowetsa chala pasiponji kuti nditembenuze tsamba. Malovu amenewo sindinakhale nawo kuyambira chaka chimene mwamuna wanga anamwalira.

Ndadzuka, ndapita kuseri kwa wodi kumene magadiyani amayanika zovala. Ndamupeza akufinya malaya anga ogonera. Zaka 19 ndamva maloya akufunsa mboni, ndikudziwa kuti suyamba ndi funso lenileni.

"Kabotolo kaja unakapereka kwa ndani?"

"Kwa achimwene a pawindo."

"Unadzera kuti?"

"Pakhonde, kenako masitepe."

"Pali pamene unaima?"

Wafinya malaya ouma kale.

"Iwe, ndikufunsa. Unaima?"

"Pamasitepe."

"Kutani?"

Wakhala pansi pa simenti, malaya ali m'manja. "Asisi, munali musanafike n'komwe. Kanali kathovu chabe. Ndinakuonani mukukakamira mphindi zonse zija, mitsempha ya m'khosi itadzuka, ine mtima unandiwawa. Adokotala anati osafika pamzere ndiye basi. Ndiye ndinati mayi ndi mmodzi, bambo ndi mmodzi, bere tinayamwa limodzi, malovu angasiyane pati?"

"Kangati?"

"Katatu. Ndinati zichuluke, asakayikire."

Ndinamulera ndine mwana ameneyu, mayi atamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chikhalire ndi wotero: ukamutuma mchere amabwera ndi mchere, tomato ndi nkhani za kumsika. Ndinafuna kumumenya mbama koma dzanja lili ndi kanula wa diripi. Ndangoti, "Wandipha ndi chifundo chako." Wayamba kulira, misozi mbwembwembwe kugwera pamalaya anga. Misoziyo yandipsetsa mtima kuposa malovu aja. Ali nazo zonse zochuluka, zongotaya.

Lachisanu, 20 Juni

Sindinamulankhule. Wandibweretsera phala lamadzimadzi ndi nthochi yoponda, ndadya, sindinathokoze.

Ndikauza dokotala, mwina andiyezanso, poti mndandanda sunatsekedwe. Koma akhoza kumuthamangitsa mng'ono wanga pawodi, ndipo amene azindidontheza mankhwala ola lililonse palibe. Nambala yanga ikatuluka yaikulu, ndilanda malo a mphunzitsi, amene wauza kale mwana wake pafoni kuti amayi achira. Ndiponso kathovu kaja ndinakaona ndekha, ndisadzinamize.

Ndikakhala chete, fayilo yanga izinena mpaka kalekale kuti matenda anga agona, ndipo dokotala alemba bodza m'kafukufuku wake, ena adzaphunzire bodzalo. Umboni wabodza ndi wanga, dzina langa lili pakabotolo.

Mutu ukuwawa. Thupi 37.0.

Loweruka, 21 Juni

Ndayamba ndauza mphunzitsi. Sindikanatha kupita kwa dokotala momuzembera, munthu amene timabwerekana mafuta a m'nkhama.

Wamvetsera mpaka kumapeto, wamwa madzi, watseka botolo pang'onopang'ono. "Kaneneni, amayi. Ndikanakhala ine ndikananena." Kenako watembenukira kukhoma. Masana onse sanatembenuke.

Apampando amva zonse, makutu awo sanadulidwe. "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma mng'ono wanu uja musamutaye. Ana anga atatu abwera kamodzi chigonereni muno, ndipo sangandilavulire ngakhale nditapsa."

Lolemba, 23 Juni

Ndanena. Mng'ono wanga anakakamira kuti akhalepo, ndipo mbali yake wanena yekha, mutu uli pansi.

Dokotala wa Kabokosi wavula magalasi, watseka maso kanthawi. Ndimayembekezera ukali. Wangoti, "Kulakwa n'kwanga, ndinayenera kukhalapo ndekha." Kenako kwa mng'ono wanga: "Chemwali, malovu anu ndi a munthu wathanzi. Mwasungunula a akulu anu ngati kuthira madzi mumkaka." Sanamuthamangitse, koma kuyambira lero timabotolo ta kafukufuku gadiyani asakhudze.

Andiyezanso mawa, dokotala ali pomwepo. Pilokapini ndasiya. Mphunzitsi wandipatsa moni wa m'mawa, wa masana ayi.

Lachiwiri, 24 Juni

8 koloko. Dokotala pampando, wotchi m'manja. Mng'ono wanga amuimika kukhomo. Wodi yonse inadziwa, moti ngakhale wailesi inazimitsidwa popanda lamulo la Apampando.

Mphindi zisanu, palibe. Mphindi zisanu ndi zitatu, kadontho kamodzi kokoka ngati ulimbo. Apampando alephera kupirira. "Ganizirani ndimu, mayi! Ndimu wodula pakati! Mango osapsa othira mchere!" Ndamva wodi yonse ikumeza, ngakhale namwino. Dokotala wati, "Chonde, amayi, musamuthandize." Apampando: "Nanga kuganiza n'kuba?"

Ndaganiza ndimu. Ndaganiza mango. Ndaganiza khoti, mpando wanga pansi pa woweruza, kapu yanga yamadzi. Ndapemphera pemphero lochititsa manyazi, lopempha malovu. Wotchi yalira.

Dokotala wakweza kabotolo kuzenera. 0.2 ml. Mzere uli pamwamba, kutali.

Wandigwira paphewa, wati apita nato ku labu ndithu, timadontho timeneti tikwana makina, afuna aone. Ndati tengani, ine ndilibe nato ntchito.

Madzulo mphunzitsi wabwera kudzakhala pabedi panga, wandidontheza yekha mankhwala m'maso. Zimaoneka kuti mtima wake wakhala pansi. Sindikumuimba mlandu chifukwa cha zimenezo, inenso ndikanatero.

Lachinayi, 26 Juni

Mphunzitsi walandira diripi yoyamba. Kathumba kakang'ono, madzi oyera, maola awiri. Ndimati ndiyang'ane kwina koma khosi lakana. Ndaonerera mpaka dontho lomaliza.

Ndapempha dokotala wamkulu wa wodi chikalata cha kuntchito. Wandifunsa ngati ndingalankhule ola limodzi osaima. Ndayamba kumufotokozera kuti ndingayese, ndipo pakati pa kufotokozako ndasowa madzi. Wandidikira ndimwe. Walemba zoona.

Ndondomeko yotulukira: odontheza m'maso maola awiri alionse moyo wonse, mafuta a m'maso pogona, pilokapini ngati ndikufuna, kuonana ndi wa mano miyezi itatu iliyonse, ndipo tsaya likatupa mbali imodzi n'kuuma ndibwere msanga, chifukwa matendawa nthawi zina amabala khansa ya m'maanabere. Wanena zimenezi akutseka fayilo.

Loweruka, 28 Juni

Palibe cholemba. Ndinayesa kuwerenga tsamba limodzi la kope lino mokweza, kuti ndione. Mizere isanu ndi umodzi.

Mng'ono wanga sakudya. Wafunsa kawiri ngati ndamukhululukira, ndati inde, wafunsanso kachitatu. Akuti akanapanda kuphonya penapake bwenzi ndili pa diripi ija. Ndamuuza kuti ngakhale akanapanda kukhudza kabotolo ndikanagwa pamzere. Akuti akudziwa, koma mtima wake ukumuuza kuti pali pamene analakwitsa kuposa pamenepo.

Lolemba, 30 Juni

Nditulutsidwa mawa. Kalaliki watenga chikalata m'mawa, sanakhale pansi. Akuti mpando wanga akhalapo kale mtsikana wina wongochoka kusukulu, akuyesetsa.

Cha m'ma 11 wabwera Dokotala wa Kabokosi, akuyenda mwachangu, pepala m'manja. Mng'ono wanga anali pansi akupinda zovala m'chikwama. Dokotala akasangalala ndi manambala amaiwala chilankhulo cha kwawo, ndipo poti amadziwa ntchito yanga, wangoyamba m'Chingerezi. Ndimasulira pano liwu ndi liwu.

CXCL13 m'timadontho tanga tija ndi 610. Sanaonepo nambala yotero mwa wodwala aliyense m'kafukufuku wonse. Tiziwalo tatsala pang'ono kutheratu, koma asilikali akuitanizanabe kuposa kale. Akupempha chilolezo kuti alembe za ine, popanda dzina, chifukwa zikhoza kusintha mmene amasankhira odwala m'tsogolo. Kwa ine, wapepesa, mndandanda unatsekedwa ndipo lamulo la mzere silisintha.

Kenako waseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapulumuka ngozi. Akuti dzulo anachita masamu. Kabotolo koyamba kanasungunuka kakhumi, n'chifukwa chake kanatuluka 58. Mng'ono wanga akanangolekeza pamzere penipeni, nambala ikanatuluka 160 ndi kanthu. Ndikanadutsa zonse ziwiri, ndikanaposa mphunzitsi, ndipo iye sakanadziwa mpaka kalekale. "Kamodzi m'malo mwa katatu," watero, akupukusa mutu.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinanyansidwa ndi maganizo amenewo. Ayi. Ine wa malumbiro ndi umboni, mtima wanga unalira kuti, mwana wopusa iwe, bwanji sunalavule kamodzi.

Ndasayina pepala lake. Wapita.

Mng'ono wanga anali atasiya kupinda. Anamva "wanu, tuu, fili" zake zochepa za Chingerezi, anaona dokotala akuloza iye ndi cholembera. Wandigwira bondo.

"Asisi, akuti chiyani? Za ine eti? Musandibisire."

Ndamwa madzi kuti lilime limasuke. M'khoti ndamasulira zigamulo za imfa ya maukwati, za zaka makumi awiri kundende, mayi wa wolakwa akundiyang'ana m'maso, ndipo sindinachotsepo liwu kapena kuwonjezera.

"Akuti unalavula kamodzi kapena kakhumi, palibe chikanasintha. Makina awo amazindikira malovu a munthu wina. Akuti uleke kudziimba mlandu."

"Zoona, asisi?"

"Ndinayamba ndakunamizapo pomasulira?"

Wapuma mpweya wautali, wapukuta maso, wapita kukatenga mbale yake ya dzulo n'kudya yonse ali chiimire.

Mphunzitsi Chingerezi amachimva. Wandiyang'ana ali pabedi pake, ine ndamuyang'ana. Sanandiulule.

Mlandu wanga womaliza kumasulira ndi umenewo. Kope ili ndilinyamula ndekha.